Kompyuta Imene Tidagawana Pamaliro

Sendera kuno Mwayi, ukhale pamene dzanja langa lingakupeze. Iwe Lonjezo, leka kugogoda mausiyo patebulo, ndikukumva ngakhale sindikukuona. Tiyamike, usaizimitse kompyutayo, isiye izing'ung'udza choncho magetsi akadalipo. Ndikufuna ana inu mudziwe chifukwa chimene dzulo, pamene nonse mumaomba m'manja kuti nkhope ya bambo anu yaoneka bwino pagalasipo, ine ndinatuluka n'kukakhala kuseri kwa nyumba. Mayi anu akuti ndinakwiya. Sindinakwiye ayi. Ndinali ndi chisoni, ndipo mpaka pano sichinandichoke.

Inu mwandidziwa ndili nkhalamba yopapasa makoma, koma maso awa ndi amene adandidyetsa. Ndidabwera kuno ku Mchinji ndili mnyamata, kuchokera kwathu ku Mulanje, pa lole ya esiteti, titapanikizana ndi mphasa, miphika ndi ana a eni olira njira yonse. Tidafika tonse tili ofiira ndi fumbi, osadziwika kuti Mlomwe ndani, Myao ndani. Ndidayamba utenanti monga wina aliyense: kuthirira nazale, kuwokera, kuthyola, kusoka fodya ndi kupachika m'chigafa mpaka msana kuuma. Kenaka akapitawo adaona kuti ndimasiyanitsa masamba amene anzanga ankati ndi ofanana, ndipo adandiika posankha fodya. Tsamba ndinkaliona lili m'manja mwa munthu wina n'kudziwa kale mulu wake. Inu a lero mukati chinthu n'chofiirira mwamaliza, koma ife kufiirira tinkakudziwa mitundumitundu. Lonjezo akuseka. Seka mwanawe, iwe amene sutha kusiyanitsa mtedza wokhwima ndi mphwephwa.

Kumeneko n'kumene ndidaonana ndi agogo anu aakazi, a Nachisale a kwa Mavwere, amene ankabwera kudzagulitsa thobwa tsiku lamalipiro. Ndidawakwatira n'kukhala mkamwini pamudzi pawo. Mawu amenewo muwasunge, mkamwini, chifukwa abweranso. Ana tidabereka angapo, koma ena adapita ali aang'ono. Amene adakula ndi Lameki yekha, bambo anu.

Masiku amenewo chithunzi sichinali chinthu chotola pansi ngati lero, pamene mumajambula ngakhale mbale ya chipisi. Wojambula ankabwera panjinga fodya akagulitsidwa, ife n'kubwerekana jekete limodzi mudzi wonse, ndipo chithunzicho chinkabwera mwezi utatha, mwina osabwera kumene. Za Lameki ali mwana tidali nazo zochepa, m'sutukesi pansi pa bedi. Chaka china denga lidadontha, sutukesi idanyowa, chiswe chidamaliza zotsala. Sitidadandaule kwambiri. Mwiniwake tidali naye, tinkamuona tsiku lililonse.

Bambo anu adali woonda nkhope, wamtali, wachibwano chosongoka, ndi kampata pakati pa mano akutsogolo. Anzake ankamutcha Nsungwi. Sukulu sadapite nayo patali, koma adali ndi mutu wa zinthu zamagetsi. Adayamba ndi geni ya mtedza, kenaka adagula kompyuta iyi n'kutsegula kashopu kaja kali kutsogolo kwa nyumba ino, kumaikira anthu nyimbo ndi mafilimu m'mamemore. Zithunzi za ukwati wake, za ubatizo wako Tiyamike, za iwe Lonjezo uli wamaliseche m'beseni, zonse ankasunga m'menemo. Ine ndinkamuuza kuti akatsukitse zina zikhale papepala, iye n'kumati, "Bambo, muno chiswe sichilowa."

Chakudza sichiimba ng'oma. Adadandaula mutu, tidapita naye kuchipatala, sabata isanathe tidabwera naye m'bokosi. Iwe Mwayi udali kumsana, sunkadziwa n'komwe chifukwa chimene anthu adadzaza pabwalo.

Titameta, lidafika tsiku logawa katundu wa malemu. Woyendetsa mwambowo adali a Chikaonda, mlongo wawo wa agogo anu aakazi, atsibweni ake a Lameki, mwini mbumba. Anyamata adatulutsa za m'shopu n'kuyala pamphasa. Kompyutayo sakadainyamula yonse pamodzi, ndiye adaizula nthambo n'kumatulutsa chimodzichimodzi: galasi pano, bokosi apo, masipika uko, kiyibodi pambali. Akuluakulu poona zili payekhapayekha adaziwerenga ngati katundu wosiyana, monga mmene ungawerengere khasu, nkhwangwa ndi chikwakwa.

A Chikaonda adagwira galasi lija n'kunena kuti, "Kanema uyu apita kwathu, ndizimukumbukirapo mphwanga." Masipika adapita kwa msuweni wina. Kiyibodi adapatsa mwana wasukulu kuti aziphunzirira kulemba. Nthambo yokhuthala ya mitu yabuluu adatenga mnyamata wakabaza, akuti ndi yolimba pomangira katundu. Zimbale zonyezimira zimene zidali m'katoni adamwaza kwa ana ndi kwa amayi a kudimba. Pamphasa padatsala bokosi lachitsulo lokha, lopanda nkhope, lopanda mawu.

"Alamu, inu tengani ili," adatero a Chikaonda. "Muziikapo nyali."

Mayi anu adali m'nyumba ndi amayi anzawo, ndipo namfedwa salankhula pogawa katundu. Anthu atabalalika adabwera n'kugwada pakhomo panga. "Bambo," adatero, "zinthu zija sizilekanitsidwa. Koma bokosilo mulisunge, zithunzi zonse zili m'menemo." Ndidaliphimba ndi chitenje n'kuliika pakona. Nthawi imeneyo sindinkafuna zithunzi. Ndikangotseka maso Lameki ankabwera yekha, ndi kampata kake ka m'mano, ndipo zinkandipweteka mokwanira.

Zaka zidapita. Agogo anu aakazi adamutsatira mwana wawo. Kenaka maso anga adayamba. Poyamba ndinkangogunda mafelemu a zitseko, nkhuku n'kumandidutsa m'mbali osaiona. Ndinkati ndi ng'ala, akandipala ngati anzanga ndibwerera ndikuwerenga Baibulo. Kuchipatala adandiunika n'kundiuza kuti si ng'ala, ndi mtsempha wa diso umene ukufota, ndipo chimene chapita sichibwerera. Adandipatsa mankhwala odontheza ongochedwetsa. Dziko lidayamba kundichepera kuchokera m'mbali, ndipo ndidachita mantha. Ndili pa minibasi pobwerera ndidaganiza chinthu chimodzi chokha: ndimuone mwana wanga kusanade.

Ndidapita kwa a Chikaonda kukapempha galasi lija. Ndidalipeza pamwamba pa kabati, ataliphimba ndi kansalu koluka, pambali pake pali maluwa apulasitiki. Panja padali nsungwi yaitali ya eriyo imene adagula, koma pagalasipo padalibe bowo lolowetsapo nthambo yake. Zaka zonsezo kanema wawoyo sadaonetsepo ngakhale mpira umodzi. Ndidafotokoza za maso anga, ndidapempha kuti angondibwereka.

"Alamu, chogawidwa pamaliro sichibwerera," adatero. "Lero ndikakupatsani ichi, mawa wa masipika naye abweza, kenaka tiyambiranso maliro. Mukufuna anthu azinena kuti sindidagawe bwino?"

Mkamwini amene mkazi wake adamwalira ali ngati mlendo wotsalira basi itapita. Ndidawathokoza chifukwa cha madzi akumwa n'kunyamuka.

Ndidagulitsa mbuzi n'kugula galasi lina lakaunjika ku boma, lotambalala ngati lijali. Bokosi ndi galasilo ndidazimanga pakabaza, ine pakabaza wina, ulendo wa kwa Kamwendo kwa a Fanuelo okonza makompyuta. Munthu wabwino, wodekha, wonunkhira sopo ndi waya wopserera. Bokosilo lidakana kudzuka, akuti pulogalamu yake yaikulu idaonongeka ndi kukhalitsa. A Fanuelo adaikamo ina yatsopano, zithunzi osazikhudza, n'kundipatsa kiyibodi yakale imene idali pansi pa tebulo lawo. Kenaka adandikokera mpando pafupi n'kunena kuti, "Madala, mwana wanu uyu."

Ana inu, amene ndidamuona sadali mwana wanga. Adavala suti ya Lameki, adaima pambali pa mayi anu, koma nkhope idali yotambalala, masaya otupa, maso otalikirana, mutu wophwatalala ngati wina waukhalira. Nawonso mayi anu adali ngati mtsuko. Ndidati mwina ndi maso angawa, ndidapukuta, ndidayang'ananso. Ndidafunsa a Fanuelo ngati chithunzi chimafufuma chikakhalitsa.

"Chithunzicho chili bwinobwino, madala," adatero. "Vuto ndi rezolushoni. Bokosi likutumiza chithunzi cha muyezo wa magalasi akale aja ofanana mbali zonse, ndiye galasi lanuli, poti ndi lotambalala, likuchikoka m'mbali kuti chidzaze. Tingosintha apa."

Ndidamvetsa, chifukwa ndidaonapo chikopa chikukokedwa pokunga ng'oma. Adadina apa, adadina apo, padatuluka kamndandanda ka manambala. Adati pamayenera kukhala mizere yambiri yoti munthu asankhe muyezo wogwirizana ndi galasi lake, koma apa padali iwiri yokha. Adasankha woyamba, Lameki adafufuma kwambiri. Adasankha wachiwiri, adaphwa pang'ono, koma adali mlendo yemweyo. Muyezo wa galasi langa padalibe.

Pamenepo mpamene udayambira ulendo umene udandidyera kuwala kwanga kotsala. A Fanuelo adayamba ndi mabatani a pansi pa galasi, akuti lilipo lina loletsa kukoka chithunzi. Mabataniwo adali akufa, lamoyo lidali loyatsira lokha. Kenaka adazula nthambo imene ndidagulira limodzi ndi galasilo, adayang'ana kumutu kwake n'kupeza kuti timano tina mulibe. Adati kudzera m'timano timeneto galasi limauza bokosi dzina lake ndi miyezo imene limatha, ndipo popanda ito bokosi limangoti ili ndi galasi losadziwika. Yawo yoyesera idali itabwerekedwa. Ndidafunafuna mnyamata wakabaza uja. Nthambo ya Lameki ndidaipeza, mitu adaidula kalekale chifukwa inkamukola m'masipoko.

Ya mtundu umenewo yabwino idasowa kwa Kamwendo, idasowanso ku boma. Ndidapita mpaka ku Chipata. Kale ulendo umenewo tinkauyenda panjinga kudzera njira zachidule, kukasinthanitsa nyemba ndi sopo ndi mafuta ophikira, kubwerera dzuwa likadalipo. Ulendo uno ndidayenda ngati katundu, kugwidwa dzanja pokwera, kugwidwa dzanja potsika. Wogulitsa adandiwerengetsa timano ndi chala changa kuti ndikhutire. Ndidabwera nayo nthamboyo m'thumba la jekete ngati mankhwala.

Titailumikiza, bokosi lidalidziwa galasi dzina lake. A Fanuelo adamwetulira. Adatsegula kamndandanda kaja. Mizere iwiri yomwe ija.

"Ndiye kuti ndi dalayiva," adatero. Adandifotokozera kuti m'bokosimo muli kachipangizo kojambula zimene zimaoneka pagalasi, ndipo kamafuna kapulogalamu kakekake kotchedwa dalayiva kuti kagwire ntchito yonse. Kakale kadapita pamodzi ndi pulogalamu yoonongeka ija. Popanda iko, bokosi limangodziwa miyezo iwiri ya chiyambi. "Kompyutayi idabwera ndi chimbale chake. Chili kuti?"

Ndidadziwa kumene chidali. Ndidatsikira kudimba kwa azakhali awo a mayi anu. Pamwamba pa mabedi a repu ndi tomato padali chingwe, ndipo pachingwepo zimbale za Lameki zinkazungulira ndi mphepo, kuthwanima, kuopseza mbalame. Ndidazimasula zonse. Dzuwa ndi mvula zidali zitazisenda, zina zoti ukayang'ana kumwamba umaona mitambo kudutsira pakati. A Fanuelo adapezapo chimodzi cholembedwa dzina la kachipangizo kaja, adachipukuta ndi malaya awo, adachilowetsa. Chidalira, chidalira, chidatuluka chokha. Mvula ikakuona litsiro siikata.

Sadagwe ulesi munthu uja, ndisamunamizire. Adafunafuna pa intaneti, netiweki ikukwawa, magetsi akuthima zinthu zili pakati. Dalayiva wina adakana, akuti kachipangizoko n'kakale kwambiri pa pulogalamu yatsopanoyo. Wina adalowa, galasi lonse lidada bii, mpaka adachita kumuchotsanso. Ndinkapita, ndinkabwera, mvula idagwa, chimanga chidacha, anthu adakolola. Tsiku lina adandiperekeza mpaka pamsewu n'kunena kuti, "Madala, ine nzeru zandithera. Ndikapeza china ndikutumizirani uthenga." Sindidawadandaule.

Ukufunsa za foni, Lonjezo? Ukuganiza kuti sitidayese? Mayi ako adaika zithunzizo m'foni mwawo, ndipo adati m'menemo Lameki ali bwinobwino. Koma kwa maso anga kankhope ka pafoni kadali ngati njere ya nyemba, akakakulitsa ndinkangoona diso kapena khutu. Tidakatsukitsanso china papepala. Pepala lilibe kuwala kwakekwake, ndipo nthawi imeneyo ndinkaona zokhazo zimene zikuyaka. Chidali chimtambo chotuwa chovala suti.

Ndiye ndidabwera nayo kunyumba kompyutayo momwemo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Magetsi akayaka ndinkakhala pampando uwu, mphuno pafupi ndi galasi, n'kumayang'ana munthu wamasaya uja. Ndinkadziuza kuti ndizimuphwetsa ndekha m'mutu, ndichotse kuno, ndichotse uko, atsale Lameki. Tsiku ndi tsiku ndinkatero. Kabowo kamene ndinkaonera kankachepa, nkhope yotambalalayo siinkakwanamo, ndinkachita kuyendetsa mutu kuchoka kutsaya lina kupita kulinzake.

Ukukumbuka Mwayi tsiku limene udabwera kuchokera kusukulu ndi pepala? Aphunzitsi adati aliyense ajambule banja lake. Udandiuza kuti, "Agogo, awa ndi bambo anga, onenepa ngati achigayo aja." Ndidati ayi mwanawe, bambo ako adali Nsungwi. Udandiyankha kuti, "Koma ndimawaona pakompyuta." Usachite manyazi, sudalakwe. Mwana amakhulupirira chimene waona. Ine ndidalowa m'nyumba n'kulira, chifukwa ndidaona kuti ndikafa Lameki weniweni afanso kachiwiri, atsala wamasaya uja.

Chaka chino a Chikaonda atisiya. Katundu wawo adamuyalanso pamphasa, ndipo kanema wosaonetsa uja adasowa womufuna. Ana awo adabwera naye kuno ndi kansalu kake koluka, akuti, "Bambo ankanena kuti mudapemphapo." Ndidalandira ndi manja awiri. Koma ndidachita kupapasa kuti ndidziwe chimene ndikulandira, chifukwa kuwala kwanga kotsiriza kudapita nthawi yokumba mtedza.

Zotsalazo mukuzidziwa. Tiyamike wabwera kutchuthi kuchokera kukoleji ndi dalayiva m'kafulashi, akuti anamupeza kumene anthu amasungako mapulogalamu a zipangizo zakale. Dzulo walumikiza galasi la bambo ake ku bokosi la bambo ake ndi nthambo yanga ya ku Chipata, waika dalayivayo, wazimitsa, wayatsanso. Ndinamumva akuwerenga manambala, mzere ndi mzere, osatha. Anasankha umodzi. Mayi anu anangoti, "Ndi yemweyo." Inu munaomba m'manja. Ine ndinasendeza nkhope mpaka mphuno inagunda galasi. Linali lofunda, ndipo ndinaona mbuu, ngati chifunga cha kwathu ku Mulanje.

Si zimenezo zinanditulutsa panja. Zoti sindidzaonanso ndidazivomera kale. Ndinatuluka chifukwa pamene mayi anu anati ndi yemweyo, ndinamuitana Lameki m'mutu mwanga kuti nanenso ndimuone pamodzi nanu, monga ankabwerera kale ndikangotseka maso. Anabwera wamasaya uja. Ndinamubweza, ndinaitananso. Ndinayesa Lameki ali mwana akuthamangitsa mbuzi, Lameki pa njinga ya mtedza, Lameki pakhomo la shopu. Onsewo anabwera ndi nkhope yotambalala, maso otalikirana. Ndidamuyang'anitsitsa mlendo uja nthawi yaitali, ndi maso anga omaliza, mpaka adakhala pamalo pa mwana wanga. Ndikudziwa ndi mawu kuti chibwano chidali chosongoka, koma sindikuchionanso. Ine amene ndinkasiyanitsa tsamba ndi tsamba.

Ndiye mverani. Tsiku langa likadzafika, akadzayala katundu wanga pamphasa, wina wa inu adzaimirire ngakhale akuluakulu adzamuyang'ane moipa. Tiyamike, ndikunena iwe. Udzawauze kuti galasi, bokosi ndi nthambo ndi chinthu chimodzi, chipite kwa munthu mmodzi. Ndipo zithunzizo mukatsukitse zambiri, muike m'mafoni, mupatse ndi ena, musadalire malo amodzi monga tidachitira ife.

Tsopano Mwayi, tembenuka uyang'ane pagalasipo. Bambo ako ndi amenewo, osati aja udajambula. Undiuze zimene ukuona, usafulumire, yambira kuchibwano. Chosongoka? Ngati chako, watero? Bwera nacho kuno ndichigwire. Eya, zala zikuvomera, ndi chomwechi. Koma m'mutumu akubwerabe wamasaya uja, mwanawe. Yambiranso.